CIMBUDZI CATSOPANO PA PAIPI YAKALE YA CITSULO

Aliyense amene wayenda pa msewu wa Great East Road m'zaka zino, kucokera ku Lusaka kulowera kum'mawa, waona katundu wina wacilendo pamwamba pa mabasi ndi m'malole. Pakati pa matumba a feteleza, malata ndi njinga pamaoneka mpando woyera wa cimbudzi ca madzi, wokulungidwa m'makatoni ndi kumangidwa mosamala ngati dzira. Ukadutsa Chongwe ndi Chinyunyu, nukwera mapiri a ku Rufunsa wosasweka, mwini wake amapumira m'mwamba poganiza kuti cobvuta catha. Koma ngati nyumba imene mpandowo ukupita ndi yakale, cobvuta ceniceni cimakhala cikudikira kuseri kwa khoma.

Zotere zinacitika pa sukulu ina ya m'boma la Rufunsa. Pa sukulupo pali nyumba ya aphunzitsi imene inamangidwa kalekale, yokhala ndi cimbudzi ca madzi ca mtundu uja wa kathanki kam'mwamba ndi unyolo wokoka. Mpando wake unang'aluka, ndipo kwa zaka zambiri cipindaco cinasanduka mosungiramo makasu ndi cimanga. Pamene mjigo woyendera mphamvu ya dzuwa unaikidwa, madzi nayamba kufikanso m'nyumba, komiti ya makolo ndi aphunzitsi inagwirizana zoukitsa cimbudzico kuti mphunzitsi watsopano, mayi wa ana ang'ono, asakane kukhala kumudzi. Makolo anasonkha ndalama atagulitsa cimanga, mpando unabwera kucokera ku Lusaka, ndipo mmisiri womanga nyumba wa pamudzipo anauika tsiku limodzi. Anakankhira mlomo wa mpandowo m'paipi yakuda imene inaturukira pakhoma, nathira simenti yambiri kuzungulira, nasalaza bwino ndi cipande cake. Onse anayamikira nchitoyo.

Isanathe miyezi itatu, m'cipindamo munayamba fungo limene silinkatha ngakhale akolope ndi sopo. Pansi pa khoma panaoneka cinyontho, utoto unayamba kusendeka, ndipo nchenche zinadziwa njira. Potsiriza madzi anakana kupita, nabwerera m'nyumba. Pamsonkhano wa komiti ena anati sitolo inawagulitsa mpando wabodza, ena anati ana amaponyamo miyala. Mpandowo unalibe mlandu. Colakwika cinali pa malo osakwana cikhatho cimodzi, pamene catsopano cinakumana ndi cakale.

Nkhani imeneyi yafika pa nthawi yake cifukwa m'boma lino mukumangidwa ndi kukonzedwa nyumba zambiri. Rufunsa inali mbali ya boma la Chongwe kufikira pamene Pulezidenti Michael Sata anaipatsa udindo wokhala boma palokha. Kucokera apo anchito a Boma akhala akucuruka, ndipo onse amafuna pokhala. Mu 2022 ndalama za citukuko za m'dera la phungu aliyense, zodziwika ndi dzina loti CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa caka, kotero kuti makomiti a m'midzi ya Mfumu Mpanshya, Mfumu Bunda Bunda ndi Mfumu Shikabeta anayamba kukamba za zimbudzi za madzi pa masukulu ndi pa zipatala zazing'ono, cinthu cimene kale cinali loto cabe. Ndiponso kolera yaphunzitsa dziko lino mowawa. Mliri wa 2017 ndi 2018 unagwira anthu oposa 5,000 ndi kupha oposa 100, ambiri a iwo mu Lusaka. Umene unayamba mu October 2023 unaposa pamenepo: odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 anakhala otseka mpaka pa 12 February. Cimbudzi cokhetsa zonyansa mkati mwa nyumba, pafupi ndi mophikira, n'coopsa kuposa dzenje losamalidwa bwino la kunja.

Nzoona kuti mabanja ambiri a ku Rufunsa ali ndi zimbudzi zokumba, ndipo paipi ya citsulo sanaionepo pakhomo pao. Mapaipi otere amapezeka m'nyumba zowerengeka zakale, za Boma ndi za mishoni. Koma nyumba zowerengekazo ndizo mumakhala mphunzitsi, namwino ndi mlangizi, ndiponso ndizo zimakonzedwa ndi ndalama za anthu onse.

Citsulo ca miphika ya miyendo itatu

Mapaipi akale a zimbudzi anapangidwa ndi citsulo cosungunula ndi kutsanulira m'cikombole, cofanana ndi ca miphika yakuda ya miyendo itatu kapena ca nsimbi ya makala. Amayi amacidziwa bwino citsulo cimeneci: n'colemera, cimakhalitsa, koma sicipindika. Mphika wotere ukagwa pa mwala suphwanyika mbali monga wa aluminiyamu, umang'aluka. Paipi nayo iri cimodzimodzi. Mmisiri woimenya ndi hamala yaikulu pofuna kucotsa simenti yakale akhoza kuiswa mpaka mkati mwa khoma, kumene diso silifika.

Paipi iri yonse inali ndi mbali imodzi yoongoka ndi ina yotambasuka ngati kamwa la mtsuko. Polumikiza, amisiri a nthawi imeneyo, monga aja a Public Works Department, ankalowetsa mbali yoongoka m'kamwa la inzake, nakhomeramo cingwe ca phula, kenaka nathira mtovu wosungunula pamwamba ndi kuukhomera ndi cizulo cosathwa. Mtovu ndi wofewa, motero cilumikizo cotere cinkalola paipi kugwedezeka pang'ono popanda kudontha. Pa mlomo wa mpando weniweniwo kawirikawiri ankaikapo cingwe ndi phala lomatira magalasi a mawindo, kapena simenti. Nchito imeneyo inali yabwino, ndipo yambiri yagwira zaka zoposa 50. Amisiri odziwa kuthira mtovu atsala owerengeka, ndipo palibe cifukwa coukitsira luso limenelo, pakuti utsi ndi fumbi la mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Anthu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, akali kubvutika ndi dothi loipitsidwa kufikira lero.

Cimene cimadya paipi ya citsulo ndi dzimbiri, ndipo limayambira mkati. Kunja paipi ikhoza kuoneka yolimba, yopakidwa utoto kasanu, pamene mkati mwatupa zibuma za dzimbiri zimene zacepetsa njira. Zonyansa zikamaola zimaturutsa mpweya wonunkha ngati dzira lobvunda. Mpweyawo ukakumana ndi cinyontho umasanduka asidi amene amadya denga la paipi yogona. Pansi pake napo madzi amakumba kamsewu pang'onopang'ono. Paipi imene yakhala zaka zambiri yosagwira nchito, monga ya pa sukulu ija, imakhalanso ndi zouma zakale, mizu ya mitengo, dothi la ciswe, ngakhale zisa za makoswe.

Kuyamba ndi paipi, mpando pambuyo

Cinthu coyamba, munthu asanakwere basi ya ku Lusaka, ndico kuona ngati paipi yakale ikali ndi moyo. Mmisiri wa mapaipi amaigogoda pang'ono ndi kahamala. Yamoyo imalira ngati belu. Yong'aluka kapena yodyeka imayankha mogontha ngati mtsuko wosweka. Amakanda ndi sukuludilaiva pamene pali matuza a utoto, pakuti citsulo cofa cimafewa, nicisiya zakuda ngati makala. Kenaka amatsegula kadzenje ka njerwa ka kunja kwa nyumba, kamene amisiri amati manhole, wina nathira ndowa ziwiri za madzi m'paipi mkatimo. Ngati madzi afika msanga ndi mphamvu, njira iri bwino. Ngati afika mocedwa, ocepa, kapena osafika konse, kugula mpando ndi kutaya ndalama.

Ayeneranso kuzindikira kuti si paipi yakuda iri yonse imene iri yacitsulo. M'nyumba zambiri citsulo cinaikidwa pakhoma pokha, ndipo pansi pa nthaka panapita mapaipi a dothi looca. Zina ziri ndi mapaipi otuwa a simenti yosakaniza ndi asibesitosi, mtundu wa malata ndi mapaipi amene kwa zaka zambiri ankapangidwa ku Chilanga. Fumbi la asibesitosi limaononga mapapo, ndipo matenda ake amaoneka patapita zaka zambiri, cotero paipi yotere siyenera kudulidwa ndi makina youma.

Cinthu caciwiri ndico kuyesa. Mipando iri mitundu iwiri: wina mlomo wake umaloza kumbuyo, kukhoma, ndipo ogulitsa amauchula P; wina umaloza pansi, ndipo amauchula S. Mpando woloza kukhoma wa masiku ano mlomo wake umakhala pafupifupi masentimita 18 kucokera pansi kufika pakati pa bowo. Paipi yakale sinaikidwe moganizira muyeso umenewo. Ikakhala m'mwamba kuposa mlomo wa mpando, zonyansa ziyenera kukwera phiri, ndipo sizikwera. Munthu wanzeru amalemba papepala kutalika kwa paipi kucokera pansi, mtunda wake kucokera kukhoma, ndi kukula kwake mkati ndi kunja, natenga pepalalo kusitolo. Paipi yakale inkachulidwa ya mainchesi 4, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 100 mkati. Yapulasitiki ya lero ndi ya mamilimita 110 kunja kwake. Manambala amenewa ndi oyandikana, koma sakwanirana okha popanda columikizira. Ulendo wa makilomita pafupifupi 150 wobwerera ku Lusaka kukasintha kacipangizo kamodzi umadya ndalama zoposa mtengo wa kacipangizoko.

Simenti ndiyo imanyenga ambiri, cifukwa iri pafupi ndipo mmisiri aliyense amaidziwa. Koma simenti sigwira pa pulasitiki yosalala, ndipo pa citsulo cadzimbiri imagwira dzimbirilo, osati citsulo. Ikauma imafota pang'ono, nisiya kamng'alu konga tsitsi, kokwanira kudutsa fungo ndi madzi. Ndiponso citsulo, dothi looca la mpando ndi simenti sizifutukuka mofanana pa kutentha kwa mu October ndi kuzizira kwa mu June. Nthaka nayo imatupa m'dzinja ndi kuuma m'cilimwe. Cimodzi ciyenera kugonja, ndipo kawirikawiri cimagonja ndi mlomo wa mpando.

Columikizira coyenera n'capulasitiki ndi mphira, ndipo m'masitolo a zomangira cimadziwika ndi dzina loti pan connector. Mbali imodzi iri ndi mkombero wa mphira umene umagwira mlomo wa mpando. Mbali ina iri ndi timapiko tamphira tingapo timene timapanikizika mkati mwa paipi ndi kutseka mpata. Ziripo zoongoka, zokhota, zopatuka pang'ono, ndi zina zopindika ngati khosi la nkhuku, zothandiza pamene mpando ndi paipi sizinayang'anane bwino. Zopindikazo n'zothandiza pa mtunda waufupi, koma makwinya ake amasunga zonyansa, cotero amisiri abwino amazigwiritsa nchito pokhapokha njira ina itasowa.

Ngati kamwa lotambasuka la paipi yakale likali lamoyo, mmisiri amacotsamo simenti, cingwe ndi mtovu wakale pang'onopang'ono ndi kacizulo, mosamenya kwambiri, ndipo osaocha mtovuwo ndi moto. Amapala dzimbiri mkati ndi burashi ya waya mpaka pasalale, pakuti timapiko tamphira sitingatseke pa zibuma. Apo columikizira cimalowetsedwa mpaka cifike m'paipi yeniyeniyo, kupitirira kamwalo. Coterereretsa cikhale madzi a sopo. Girizi ndi oilo wa galimoto zimaononga mphira.

Ngati kamwalo lang'aluka, limadulidwa. Apa pafunika makina odulira citsulo, magalasi oteteza maso, ndi munthu wodekha. Kumene kulibe magetsi, sowo ya citsulo imathanso nchito, ngakhale imadya tsiku ndi mipeni ingapo. Paipi yoimirira pakhoma iyenera kumangidwa zolimba pamwamba pa malo odulawo isanadulidwe, cifukwa kulemera kwake kukhoza kuthyola mwendo wa munthu. Pa mbali yoongoka yotsalayo pamabvekedwa cibangiri ca mphira cokhala ndi malamba awiri a citsulo cosacita dzimbiri, omangidwa ndi sukuludilaiva. Lamba lina limagwira citsulo, lina paipi yapulasitiki.

Koma ngati paipi yadyeka kutali, kuiphatika kuli ngati kusoka cigamba catsopano pa nsalu yofuka. Kuli bwino kuicotsa yonse ndi kuika yapulasitiki kufikira pa kadzenje koyamba ka kunja. Yapulasitiki ikakhala padzuwa iyenera kupakidwa utoto, pakuti dzuwa limaiumitsa nikhala yosweka msanga, ndipo pamene pamadutsa ngolo za ng'ombe ikwiriridwe mozama.

Madzi ocepa m'njira yokakala

Pali cinthu cina cimene ngakhale amisiri ena a m'tauni amaiwala. Kathanki kakale kam'mwamba kankathira malita 9 kapena kuposa pa kukoka kumodzi, ndipo madziwo ankagwa ndi mphamvu kucokera pafupi ndi denga. Mathanki atsopano amathira malita 6, ena kucepera apo. M'paipi yapulasitiki yosalala madzi amenewa amakwanira. M'paipi yacitsulo yokakala mkati, madzi amathamanga kutsogolo ndi kusiya katundu wake panjira, ndipo lero pang'ono, mawa pang'ono, njira imatsekeka. N'cifukwa cake kupendekeka kwa paipi yogona n'kofunika: muyeso wodziwika kwa amisiri ndi 1 pa 40, ndiye kuti paipi itsike masentimita 2.5 pa mita iri yonse. Pamene nthaka inatitimira, paipi nigona cathyathyathya, palibe columikizira cimene cingathandize.

Paipi ija yokwera pakhoma kupitirira denga, imene ambiri amaiyesa yopanda nchito, isadulidwe kapena kutsekedwa. Ndiyo mphuno ya cimbudzi. M'khosi la mpando mumatsala madzi pafupifupi masentimita 5, amene amachinga fungo kuti lisalowe m'nyumba. Popanda paipi yopumira, madzi othamanga amakoka madzi ochingawo, ndipo mpando umamveka kulira ngati munthu wotsamwa. Pamwamba pake pafunika kawaya koletsa mbalame kumangamo cisa. Ziri zomvetsa cisoni kuti pa nyumba zina mapaipi amenewa, pamodzi ndi zibvundikiro zacitsulo za timaenje ta kunja, anazulidwa ndi anthu ogulitsa zitsulo zakutha, amene analandira ndalama ya tsiku limodzi nasiya dzenje loti mwana agweremo.

Ndipo paipi iri yonse iri ndi kothera. Kumudzi zonyansa zimapita m'thanki ya pansi pa nthaka, kumene zolemera zimakhazikika ndi kuola, madzi napitirira m'dzenje la miyala lowamwetsa m'dothi. Thanki ya nyumba yakale ikhoza kukhala yodzaza, yong'aluka, kapena yogumuka. Iyenera kutsegulidwa ndi kuonedwa, koma munthu asalowemo, pakuti mpweya wa m'menemo umapha msanga, ndipo umaphanso wolowa kukapulumutsa mnzake. Dzenje lomwetsa madzi likhale mamita osacepera 30 kucokera pa citsime kapena mjigo, ndi kumunsi kwake. Apa ndipo pamafunika kusamala kwambiri lero, cifukwa mijigo yatsopano ikukumbidwa pafupi ndi nyumba zimene mathanki ake anaiwalika pansi pa udzu. Malamulo a za ngalande ndi zimbudzi ali pansi pa Public Health Act, mutu 295 wa malamulo a Zambia, ndipo woyang'anira za ukhondo wa ku khonsolo kapena wa pa cipatala capafupi ndiye woyenera kufunsidwa nchito isanayambe, osati fungo litayamba.

Komiti iri yonse iwerengenso madzi ake. Banja la anthu 6, aliyense akagwiritsa nchito cimbudzi kasanu pa tsiku ndi malita 6, limatha malita 180, ndiye zigubu 9 za malita 20, osawerengera akumwa, ophikira ndi ocapira. Caka ca cilala conga ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse pa 29 February, mitsinje ndi zitsime zambiri zinaphwa. Cimbudzi ca madzi copanda madzi cimasanduka cinthu coipitsitsa pakhomo. Sicilandiranso zitsononkho, masamba, nsanza, matewera kapena mapepala olimba a m'makope. Cimafuna pepala lofewa logula, mwezi ndi mwezi. Kumene madzi ndi osadalirika, cimbudzi cokumba cokhala ndi paipi yopumira ndi kawaya kogwira nchenche, cija cinapangidwa ndi Peter Morgan ku Blair Research Laboratory m'dziko la Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, sicocititsa manyazi. Ngakhale pa nyumba ya cimbudzi ca madzi, n'kwanzeru kusakwirira dzenje la kunja.

Pa sukulu ija, komiti inaitana mmisiri wa mapaipi wophunzira nchito yake, imene inali njira yoyenera kuyambira paciyambi. Iye anaswa simenti mosamala, koma mlomo wa mpando unapezeka utang'aluka kale, motero makolo anasonkhanso kaciwiri. Kamwa la paipi nalo linali losweka kumunsi, kumene madzi ankalowera m'khoma. Analidula, napala mkati, naika cibangiri ca mphira ndi kapaipi kapulasitiki. Kunja anafukula mamita angapo, napeza muzu wa mtengo wa mango utalowa pa cilumikizo ca mapaipi a dothi. Atamaliza anayala nyuzipepala youma pansi pa columikizira, nathira madzi kakhumi, mlembi wa komiti ataima pa kadzenje ka kunja kuwerenga. Pepalalo linakhala louma.

Cidutswa ca paipi cimene cinadulidwa ciri pa windo la ofesi ya mphunzitsi wamkuru. Bowo lake, limene linali la mainchesi 4, tsopano mumangolowa zala zitatu. Pa sukulupo patsala nyumba zina ziwiri za msinkhu womwewo, ndipo m'buku la komiti mwalembedwa kuti timaenje ta kunja titsegulidwe ndi kuthiridwa madzi mvula isanagwe, mpando wina usanagulidwe.